Khansa ya m'kamwa: zimene kanyama kakang'ono kamaulula

Sabata ino tikambe za m'kamwa. Mano oyera a pa Facebook tiwasiye kaye pambali. Nkhani yathu ndi ya chilonda chimene chimakana kupola, komanso kanyama kakang'ono kamene dokotala amadula pachilondapo n'kutumiza ku labu.

Tiyerekeze abambo awiri a kuno ku Nsanama, onse a zaka za m'ma 50. Aliyense ali ndi chilonda m'mbali mwa lilime, kukula kwake ngati nzama. Apita kuchipatala mwezi umodzimodzi, onse auzidwa kuti ndi khansa, onse achitidwa opaleshoni. Zaka zisanu zitadutsa, wina akupalasabe njinga yake kupita ku Ntaja, pomwe mnzake uja sadaka yake tinadya kalekale. Kumudzi yankho silisowa. Wina ati analodzedwa, wina ati ndi za kumtundu, wina ati adokotala anakondera. Asayansi nawonso funsoli lawasowetsa tulo kwa zaka zambiri, ndipo mbali ina ya yankho anaipeza m'kati mwa maselo a chotupacho. Zotupa ziwiri zingafanane kunja ngati mapasa, mitima yake n'kukhala yosiyana. Tinthu timene timaulula mtima wa chotupa, kaya ndi chaukali kapena chofatsa, kaya chimva mankhwala kapena ayi, pa Chingerezi amatitchula kuti biomarker. Ife tingoti zizindikiro za m'maselo.

Mwina mukuti, nanga ife achinyamata zikutikhudza pati? Zikutikhudza chifukwa operekeza odwala ndife. Bambo akadwala, wokwera nawo minibasi ndi iwe. Pepala la zotsatira likatuluka m'Chingerezi chovuta, amapatsira iwe "wophunzira", ndipo usiku umathamangira pa Google, bandulo n'kuthera pa mawu amene sukuwamva. Mnzanga wina ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha pepala la amalume ake, pansi pake atangolemba kuti, "Aise, zimenezi ndiye kuti basi?" Ndiye ndati lero tiwerengere limodzi mapepala oterewa, kuti tidziwe pofunika kuda nkhawa ndi posafunika.

Chikombole chikapindika

Thupi lathu linamangidwa ndi maselo monga nyumba imamangidwira ndi njerwa. Khungu lofewa la m'kamwa limaperepeseka tsiku ndi tsiku ndi nsima yotentha, nzimbe ndi chimanga chokazinga, choncho thupi limaumba maselo atsopano mosalekeza. Chikombole choumbira ndi DNA, ndipo magawo ake amatchedwa majini. Majini amenewa si ziwanda zimene timamva kwathu kuno zija ayi, ndi malangizo chabe ouza selo zochita. Aliyense amene anaumbapo njerwa akudziwa kuti chikombole chikapindika, njerwa zonse zotuluka mmenemo zimakhala zopindika. Khansa imayamba chomwecho. Malangizo a selo limodzi amawonongeka, selolo limabala ena owonongeka, ndipo amachulukana osamvera wina aliyense.

M'kamwa, opinda chikombole aakulu ndi fodya ndi mowa. Fodya ndi fodya basi, kaya ndudu ya m'sitolo, kaya chingambwe wokulunga papepala, kaya wopera uja amaika kuseri kwa mlomo. Ine ndinakulira pakhomo pomwe kabotolo ka fodya wopera kankakhala kumapeto kwa mpango wa agogo, ndipo wotumidwa kukagula kumsika ndinali ine. Palibe ankauona ngati fodya weniweni chifukwa sutulutsa utsi. Chonsecho muli mankhwala otchedwa nitrosamine amene amawononga DNA pamalo pomwe fodyayo amagona maola ambiri. Mowa nawo, kaya kachasu kaya wa m'timabotolo totchipa tija, ukalowa m'thupi umasanduka mankhwala ena otchedwa acetaldehyde, amenenso amawononga DNA. Munthu akaphatikiza ziwirizi chiopsezo chimakwera kwambiri kuposa cha chilichonse pachokha. Bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 378,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa ya milomo ndi m'kamwa, ndipo pafupifupi 178,000 anamwalira nayo.

Ulendo wa kanyama

Palibe dokotala amene angatsimikize khansa ndi maso okha. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kudula kanyama kochepa m'mphepete mwa chilonda. Papepala amalemba kuti biopsy. Kanyamako amakaika m'mankhwala a formalin kuti kasawole, ku labu amakaumitsa m'phula, kenako amakasenga topyapyala kuposa pepala n'kutiyang'ana pa maikulosikopu. Zotsatira zambiri za khansa ya m'kamwa zimabwera ndi mawu akuti squamous cell carcinoma, kutanthauza kuti khansayo yayambira m'maselo a khungu lofewa lija. Mwa khansa khumi zilizonse za m'kamwa, pafupifupi zisanu ndi zinayi zimakhala za mtundu umenewu.

Zizindikiro za m'maselo zimayezedwa pakanyama komweko. Amathirapo mankhwala amene amakakamira puloteni imodzi yokha imene akuifuna, ndipo pomwe puloteniyo ilipo pamasanduka pabulawuni. Njirayi imatchedwa immunohistochemistry. Ubwino wake, kanyama ka m'phula kamasungika zaka, moti kangathe kuyezedwanso mtsogolo popanda kudula wodwala kachiwiri.

Apa pali mphekesera imene yatilanda anthu ambiri, yoti khansa ukaikhudza ndi mpeni imalusa. Zoona zake n'zakuti ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale, ndiye akafooka patangopita miyezi yochepa chidulireni kanyama, abale amaloza chala mpeni. Kudula kanyama ndiye khomo la chithandizo chonse. Wokana biopsy watseka khomo limenelo yekha.

Kapitawo, wolamula ndi owerengera

Tibwerere kooumba njerwa kuja. Pamalo oumba pamakhala kapitawo woyang'ana njerwa iliyonse, yopindika n'kuiphwanya isanapite ku uvuni. M'selo, kapitawo ameneyu ndi puloteni yotchedwa p53, imene asayansi anaitulukira mu 1979. DNA ikawonongeka, p53 imaimitsa ntchito kuti pakonzedwe, ndipo zikakanika imalamula selolo kuti life. Mu 2015 gulu la ofufuza la The Cancer Genome Atlas ku America linafalitsa zimene linapeza litasanthula zotupa 279 za m'mutu ndi m'khosi. Mwa zotupa zosakhudzana ndi kachilombo ka HPV, zoposa 8 mwa 10 zilizonse zinali ndi jini ya p53 yowonongeka. Kafukufuku wina anaonetsanso kuti odwala amene jini imeneyi inawonongekeratu amakonda kukhala ndi matenda ovutirapo kuchiza. Komabe mukaona p53 papepala la m'bale wanu musayambe kuitana anthu a kumudzi. Pafupifupi chotupa chilichonse cha wosuta chili ndi vuto limeneli, ndipo madokotala sasankha chithandizo potengera iyo yokha.

Wachiwiri ndi EGFR. Iyi ili ngati khutu la selo lomvera lamulo lakuti "umbani zina". M'khansa zambiri za m'mutu ndi m'khosi makutu amenewa amachuluka mopitirira muyezo, selo n'kumangomva lamulolo usana ndi usiku. Asayansi anapanga mankhwala otseka makutuwo, otchedwa cetuximab, ndipo ku America anawavomereza pa khansa zimenezi mu 2006. Chodabwitsa n'chakuti kuchuluka kwa EGFR pachotupa sikuuza dokotala kuti wodwala uyu ndiye amva mankhwalawo, uyu ayi. Apa tiphunzirepo kanthu. Pali zizindikiro zolosera mmene matenda ayendere, ndipo pali zina zolosera ngati mankhwala akutiakuti agwire ntchito. Chizindikiro chingakhoze ntchito yoyambayo n'kulephera yachiwiriyo.

Wachitatu ndi Ki-67, dzina lochokera ku mzinda wa Kiel ku Germany komwe anaitulukira mu 1983. Iyi imawerengera kuti mwa maselo 100 aliwonse, angati ali kalikiliki kugawikana. Nambala ikakwera ndiye kuti chotupa chikukula mwachangu. Chitsanzo chake chachikulu tili nacho konkuno ku Malawi. Mu 1958 dokotala wa ku Ireland, Denis Burkitt, yemwe ankagwira ntchito ku Uganda, analemba za ana otupa nsagwada modabwitsa. Mu 1961 anayenda ulendo wautali pa galimoto m'zipatala za mayiko a kuno, kuphatikizapo Nyasaland, kufufuza komwe matendawa amapezeka, ndipo anaona kuti amakonda madera otentha ndi achinyezi, komwenso malungo ali ponseponse. Mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'maselo a chotupachi, kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr. Khansa imeneyi, Burkitt lymphoma, ili m'gulu la khansa zofala kwambiri mwa ana a ku Malawi, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chakhala chikuchiza ana otere kwa zaka zambiri. Ki-67 yake imayandikira 100 pa 100, moti chotupa chingathe kukula kuwirikiza m'masiku awiri okha. Koma taonani, khansa yothamanga chonchi imasungunukanso msanga ikakumana ndi mankhwala a kemo, mwana akafika nthawi yabwino. Ndiye nambala yaikulu papepala siitanthauza manda nthawi zonse. Tanthauzo lake limadalira mtundu wa khansayo. Mwana akatupa tsaya mwachangu, mano n'kuyamba kugwedera, musataye masiku pomuzula dzino kapena kumutemera mphini.

Chizindikiro chimene chinasintha mabuku

Pa zizindikiro zonse, chimene chinapambana mayeso ndi p16. Nkhani yake ikukhudza HPV, kachilombo komwe kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kamene katemera wake boma la Malawi linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu January 2019. Kachilomboka kamafala pogonana, kuphatikizapo kugonana kwa m'kamwa, ndipo kangayambitse khansa kumbuyo kwenikweni kwa kamwa, kutsinde kwa lilime ndi polowera kummero. Selo likagwidwa ndi HPV limatulutsa p16 yambiri, choncho ku labu akaona p16 yadzaza pachotupa cha kummero amadziwa kuti mwini nkhani ayenera kuti ndi HPV.

Mu 2010 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inafalitsa kafukufuku wa Kian Ang ndi anzake pa odwala khansa ya malo amenewa. Patatha zaka zitatu, 82 mwa 100 aliwonse amene zotupa zawo zinali ndi HPV anali moyo, pomwe kwa opanda HPV anali 57. Kusiyana kumeneku kunali kwakukulu moti kuyambira mu 2018 buku limene madokotala amatsatira poika khansa m'masiteji linagawa khansa ya kummero pawiri, ya p16 payokha, yopanda p16 payokhanso.

Koma apa chenjerani, chifukwa pa intaneti ambiri amasokoneza. Uthenga wabwino wa p16 ndi wa kummero. Kutsogolo kuno, m'mbali mwa lilime, pansi pa lilime, m'masaya ndi m'nkhama, HPV imayambitsa khansa zochepa kwambiri, ndipo akatswiri salimbikitsa kuyeza p16 mwachizolowezi pa zotupa za malo amenewa. Kamwa ndi limodzi, koma matenda ndi awiri. Musanasangalale kapena kulira ndi zimene mwawerenga pafoni, funsani kaye kuti chotupa cha m'bale wanu chili pati kwenikweni.

Chinanso chimene chikumveka masiku ano ndi PD-L1. Asilikali a m'thupi amayenera kupha selo lililonse lachilendo, koma maselo ena a khansa amanyamula puloteni imeneyi ngati chiphaso chabodza, asilikali akafika n'kuwapatsa sawasha. Mankhwala otchedwa pembrolizumab amalepheretsa chinyengo chimenechi, ndipo mu 2019 anavomerezedwa ku America ngati chithandizo choyambirira kwa odwala amene khansa ya m'mutu ndi m'khosi yabwerera kapena yafalikira. Kuyeza PD-L1 kumathandiza kusankha woyenera kulandira mankhwalawa paokha. Mtengo wake ndi woti banja wamba, ngakhale litagulitsa mbuzi zonse ndi munda womwe, silingafikepo.

Ofufuza akuyang'ananso zigamba zoyera za m'kamwa zimene sizichoka ukazipukuta, zotchedwa leukoplakia. Zambiri sizisanduka khansa, zochepa zimasanduka, ndipo funso n'lakuti ziti. Akatswiri a ku Vancouver m'dziko la Canada anaonetsa kuti zigamba zimene zataya tizidutswa ta DNA pa malo otchedwa 3p ndi 9p ndizo zoopsa kwambiri. Enanso akuyesa kupeza zizindikiro m'malovu ndi m'magazi, kuti tsiku lina munthu azingolavula m'kabotolo. Zimenezi zikadali m'manja mwa ofufuza. Wina akakutsatsani pa Facebook kuti ali ndi makina oyeza khansa pongogwira dzanja, kapena tiyi wosungunula chotupa, ameneyo akufuna ndalama zanu za thiransipoti basi.

Rula ikadali mfumu

Tsopano tifike pamutu weniweni wa nkhaniyi. Asayansi ayesa zizindikiro mazanamazana pa khansa ya m'kamwa, koma kufikira lero zimene zimalosera bwino tsogolo la wodwala ndi zinthu zoyezedwa ndi rula, zala ndi maikulosikopu wamba.

Choyamba ndi kukula kwa chotupa: chosapitirira masentimita 2, cha pakati pa 2 ndi 4, kapena choposa 4. Chachiwiri ndi kuzama kwake, kumene papepala amalemba kuti depth of invasion. Malire ake ali pa mamilimita 5 ndi mamilimita 10. Tangoganizani, kusiyana kwa theka la sentimita, kosafika ndi kunenepa kwa pensulo, kungasunthe munthu kuchoka siteji ina kupita ina. Chachitatu ndi anabere a m'khosi. Khansa ikafika kwa mwanabere, mwayi wochira umatsika ndi pafupifupi theka. N'chifukwa chake madokotala amachotsa anabere a m'khosi ngakhale asanatupe. Pa chipatala cha Tata Memorial ku Mumbai m'dziko la India anayesa zimenezi, ndipo zotsatira za mu 2015 zinaonetsa kuti patatha zaka zitatu, 80 mwa 100 amene anawachotseratu anabere anali moyo, poyerekeza ndi 67 kapena 68 mwa amene anadikira kuti atupe kaye. Ndiye adokotala akanena kuti opaleshoni ifika mpaka m'khosi pomwe chilonda chili palilime, musaganize kuti akulakwitsa. Chachinayi ndi m'mphepete mwa nyama yochotsedwayo. Mukaona mawu akuti margins clear ndiye kuti mpeni unadutsa panyama yabwino kuzungulira chotupa chonse.

Zitatu zoyambazo zili ndi gwero limodzi, nthawi. Chotupa sichibadwa chili masentimita 4. Chimayamba ngati kachilonda konga kodziluma, n'kumazama mwezi ndi mwezi pamene ife tikuchipaka jivi, kuchukucha madzi a mchere ndi kugula makapisozi pagolosale. Ziwerengero za ku America zimaonetsa kuti khansa ya m'kamwa ndi kummero ikapezeka isanachoke pamalo pake, oposa 8 mwa 10 amakhala moyo patatha zaka zisanu. Ikafika ku ziwalo zakutali monga mapapo, amatsala 4 mwa 10 kapena kucheperapo. Kumeneko ndi kwa eni makina onse, koma nawonso nthawi ikawathera makinawo sawapulumutsa. Jini ya p53 simungaisinthe. Tsiku lopita kuchipatala ndiye lili m'manja mwanu. Paja akulu anati mmera mpoyamba.

Njira yochokera kwathu

Kwa munthu wa ku Nsanama njira imayambira pachipatala chaching'ono chapafupi. Kuchoka apo ndi ku Liwonde, komwe kuli chipatala chachikulu cha boma la Machinga, kenako Zomba Central, ndipo nkhani za opaleshoni ya m'kamwa ndi m'khosi nthawi zambiri zimakathera ku Queens, ku Gulupu kuja. Sitepe iliyonse ikufuna thiransipoti ya anthu awiri, chakudya, ndi wina wotsala ndi ana komanso munda. Ambiri amatayika pakati pa njirayi, makamaka pa nthawi yodikira zotsatira. Kanyama kadulidwa, munthu wabwerera kumudzi, ululu wachepako, mvula yagwa, kudzala kwayamba, tsiku lokatenga zotsatira n'kudutsa. Pepala limakhala mu faelo, chotupa chili pantchito.

Zinthu zikusintha ndithu, ngakhale pang'onopang'ono. Madokotala oyeza tinyama timeneti ndi ochepa m'dziko muno, koma alipo ku Blantyre, ndipo ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe labu yotere inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, ndipo imayeza ndi njira ya mankhwala abulawuni ija. Kwa zaka zambiri Malawi analibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano a digiri, ndipo dziko lonse linali ndi madokotala otere osakwana 50. Mu 2019 maphunzirowa anayamba ku College of Medicine, yomwe pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Izi n'zofunika chifukwa woyang'ana m'kamwa tsiku lililonse ndiye amayamba kuona chilonda chokayikitsa. Chithandizo chowotcha khansa ndi makina, radiotherapy, kale chinkafuna ulendo wa kunja monga ku Zambia, Tanzania kapena India. Mu 2024 chipatala chomwe si cha boma cha International Blantyre Cancer Centre chinayamba kupereka chithandizochi, ndipo mu 2025 boma linatsegulira National Cancer Centre ku Lilongwe.

Palinso khansa ina imene kwathu kuno imaonekera m'kamwa kawirikawiri, Kaposi sarcoma, yomwe ili m'gulu la khansa zofala kwambiri m'Malawi. Imabwera ngati zigamba zofiirira moderako, makamaka kumwamba kwa kamwa ndi m'nkhama, ndipo imakonda anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Imayamba ndi kachilombo kotchedwa HHV-8, kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore anakatulukira mu 1994, ndipo ku labu amatha kukaona pakanyama kuti atsimikize matendawa. Ikafalikira kwambiri m'kamwa, madokotala amaiwerengera m'gulu la matenda okula. Chithandizo chake ndi ma ARV, nthawi zina pamodzi ndi kemo, ndipo ambiri amapeza bwino. Choncho adokotala akapempha kuyeza magazi chifukwa cha chigamba cha m'kamwa, sikuti akukuganizirani zoipa. Akufuna adziwe mdani amene akulimbana naye.

Tochi ya foni yanu

Ku Kerala m'dziko la India anachita kafukufuku amene ine amandilimbitsa mtima. Kuyambira mu 1996 anaphunzitsa anthu a zaumoyo a m'midzi, onga alangizi athu a zaumoyowa, kuyenda khomo ndi khomo kuyang'ana m'kamwa mwa anthu ndi maso ndi kuwala basi. Zotsatira zinatuluka mu 2005 m'magazini ya The Lancet: pakati pa osuta, otafuna fodya ndi akumwa mowa, imfa za khansa ya m'kamwa zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Analibe makina a DNA. Anali ndi maso, kuwala, ndi khama lotumiza okayikitsa kuchipatala.

Kuwala kumeneko muli nako m'thumba. Kamodzi pamwezi sambani m'manja, yatsani tochi ya foni, imani pagalasi. Yang'anani milomo kunja ndi m'kati, masaya onse awiri, nkhama ndi kumwamba kwa kamwa. Tulutsani lilime, likokereni kumanzere ndi kumanja kuti muone m'mbali mwake, kenako likwezeni muone pansi pake, chifukwa malo awiriwa ndi amene khansa imakonda. Pomaliza papasani khosi mbali zonse. Chimene mukufuna ndi chilonda chosapola, chigamba choyera kapena chofiira chosachoka, malo olimba ngati njere, dzino logwedera popanda chifukwa, bala losapola pomwe anazula dzino, dzanzi la mlomo, kapena mwanabere wolimba wosapweteka. Zilonda wamba za m'kamwa zimapola zokha m'sabata imodzi kapena ziwiri. Chilichonse chokwanitsa masabata atatu chikaonedwe kuchipatala, ngakhale chisakupweteka. Khansa yoyamba kumene nthawi zambiri siipweteka, ndipo n'chimene chimapusitsa anthu.

Mukatero kwa inu nokha, kumbukirani akuluakulu a pakhomo. Kuuza agogo kuti "tayasamulani" si chinthu chapafupi pachikhalidwe chathu, koma pali kanenedwe kake. "Agogo, ndaona kuti masiku ano nsima mukudya mbali imodzi, tandilolani ndikuunikireni" ndi mawu aulemu amene angapulumutse lilime lawo. Mukaona chilonda, chijambuleni ndi foni tsiku lomwelo, mudzajambulenso pakatha sabata. Zithunzi zokhala ndi madeti zimathandiza dokotala kuposa yankho lathu lija lakuti "chayamba kalekale".

Mukafika kuchipatala nenani masabata enieni amene chilondacho chakhala, nenaninso zoona za fodya ndi mowa. Mukapatsidwa mankhwala koma osasintha, bwererani ndi buku lomwelo la kuchipatala, osati kukagula lina n'kukayambiranso kwina ngati wodwala watsopano. Kanyama kakadulidwa, funsani kuti katumizidwa ku labu iti, nambala yake ndi chiyani, zotsatira mudzazitenge liti komanso kwa ndani. Siyani nambala ya foni imene imakhala yoyaka. Zotsatira zikabwera, funsani mtundu wa khansa, malo ake enieni, kukula ndi kuzama kwake, ngati yafika m'khosi, ndiponso ngati pali kuyeza kwina kumene kungasinthe chithandizo. Yankho likakhala lakuti kuyeza kwinako sikusintha kanthu, musagulitse njinga chifukwa cha dzina lokongola limene mwaliona pa intaneti. Ndalamayo isungireni ulendo wotsatira. Safunsa anadya phula, ndipo dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso a woperekeza amene walemba zinthu zake papepala.

Kwa amene akulandira kale chithandizo, kusiya fodya ndi mowa kukadali ndi phindu. Mu 1953 dokotala wina wa ku Chicago, Danely Slaughter, anaonetsa kuti khungu lozungulira chotupa cha m'kamwa limakhalanso litayamba kuwonongeka ngakhale likuoneka labwino. Utsi sunasankhe malo amodzi, unadutsa m'kamwa monse. N'chifukwa chake khansa yachiwiri ingamere pena patapita zaka, ndipo n'chifukwa chakenso masiku obwerera kukaonedwa sayenera kudumphidwa ngakhale munthu akumva bwino.

Asayansi apitiriza kusakasaka m'maselo, ndipo tsiku lina mwana wa ku Nsanama adzakhala pa maikulosikopu ku Blantyre akuwerenga zizindikiro zimene lero sitikuzidziwa n'komwe. Koma labu iliyonse, ya ku Lilongwe kaya ya ku London, imayeza kanyama kamene kafika. Kokafikitsa kanyamako nthawi ikadalipo ndi ntchito ya ife a pakhomo. Madzulo ano mukamatchaja foni, yesani tochi yake m'kamwa mwanu, mawa mukayese kwa akuluakulu. Tikumanenso sabata yamawa.